Kujambula nkhope ya agogo ndi penti, kuyambira pa bolodi mpaka kukoleka pakhoma

Agogo anga aamuna adamwalira kwathu ku Santhe osasiya chithunzi china koma kaja ka pa chiphaso cha unzika, kamene adajambulitsa pa kalembera wa 2017. Kankhope kake n'kongolingana ndi chala chachikulu, maso ali tong'o, milomo ili yotseka, moti mwana wobadwa lero sangadziwe kuti munthuyu ankaseka mpaka misozi. Maliro atatha ndidayesa kuwajambula ndi penti kuchokera pa kachithunziko, koma zidakanika, chifukwa chimene ndinkafuna kujambula munalibemo. Ndiye ndidatembenukira kwa agogo aakazi akadali ndi moyo, ndipo njira imene ndikufotokoza pano ndi yomwe ndidatsata pojambula iwowo. Ndikamba kwambiri za penti wa acrylic, wosungunula ndi madzi, poti ndiye woyenera woyamba kumene. Za penti wa mafuta ndinena kumapeto.

Yambani ndi kupempha

Kwathu kuno mwana sayang'anitsitsa wamkulu m'maso, pamene ntchito iyi ndi yoyang'anitsitsa basi, kwa maola ambiri. Choncho khalani pansi muwafotokozere bwinobwino musanatulutse n'kamodzi komwe bulashi. Ine ndidati, "Agogo, ndimati ndikujambuleni ndi penti. Ndizikuyang'anani kwambiri kumasoko, musandiyese wamwano." Iwo adaseka n'kuti, "Amunanga, nkhope yothaithayi muitani?" Koma m'mawa mwake ndidawapeza atasamba kale, atamanga duku lawo la ku tchalitchi.

Asiyeni asankhe okha chovala. Ndipo ngati akana, musawajambule mozemba. Ena akuluakulu samasuka kuti chifaniziro chawo chikhale m'manja mwa anthu, ndipo zimenezo n'zoyenera kuzilemekeza. Apongozi musayambire, mudzavutika ndi manyazi nonse awiri.

Zofunika kukhala nazo

Penti wa akatswiri ojambula amabwera m'timachubu, ndipo pa boma pa Kasungu sapezeka nthawi zonse. Kawirikawiri mumayenera kutuma munthu wopita ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1, akayang'ane m'masitolo ogulitsa zipangizo za sukulu ndi za muofesi. Musagule bokosi la mitundu 24. Mitundu isanu ndi umodzi ikukwanirani, ndipo mayina ake muwalembere wotumidwayo monga alili pa chubu: titanium white, woyera, yellow ochre, wachikasu chonga dothi, burnt sienna, wofiirira ngati katondo, burnt umber, woderako ngati khofi, ultramarine blue, wabuluu, ndi wofiira mmodzi, monga cadmium red. Woyera gulani chubu chachikulu. Wakuda musagule, tidzapanga tokha.

Penti wa gloss wa m'zitini wa ku hadiweya, uja amapaka zitseko ndi kulembera zikwangwani za magolosale, si wa ntchito iyi ayi. Amayenderera, amanata, ndipo kusakaniza mitundu ya khungu ndi iyeyo n'kovuta kwambiri.

Mabulashi atatu: yophwatalala ya masentimita awiri, yapakati, ndi kakang'ono kosongoka. Zitini ziwiri za madzi, china chotsukira, china chosungunulira. Nsanza, pensulo, lula, kagalasi koyang'anira nkhope, ndi kabotolo kopopera madzi ngati kaja ka mu saluni. Posakanizira penti tengani thireyi yakale, yalanipo kansalu konyowa, pamwamba pake pepala losalowa mafuta lija amaphikira makeke. Kachinthu kameneka musakapeputse. Mu Okutobala kuno kumatentha mouma gwa, ndipo acrylic woikidwa pa mbale youma amachita chikhungwa musanamalize n'kusakaniza komwe. Pa thireyi yonyowa amakhala tsiku lonse, mukavindikira amafika mawa.

Kukonza bolodi

Pitani kwa kalipentala akudulireni hadibodi ya masentimita 40 m'lifupi, 50 m'litali. Ndi yotchipa kuposa kanivasi yokoka kale, ndipo siboola. Kwechani mbali yosalala ija ndi sandipepa kuti penti agwire, pukutani fumbi, kenaka pakani gesso, penti woyera woyalira pansi musanayambe kujambula, kawiri kapena katatu, ulendo woyamba mopingasa, wachiwiri motsitsa, kudikira kuti uliwonse uume. Gesso akasowa, penti woyera wa madzi wopaka khoma, wothira guluu wa matabwa pang'ono, amathandiza pophunzira. Pakaninso kumbuyo ndi m'mbali, apo ayi bolodi lidzapindika nthawi ya dzinja.

Likauma, sungunulani burnt sienna ndi madzi mpaka akhale ngati tiyi wopanda mkaka, pakani bolodi lonse, pukutani ndi nsanza. Cholinga chake n'chakuti pa bolodi loyera mbee mtundu uliwonse umaoneka wakuda kuposa mmene ulili, ndiye mumangothira woyera mosadziwa. Pa bolodi lofiirira diso silinamizidwa.

Powakhazika ndi kuwala

Apa ndi pamene chithunzi chimakomera kapena kuonongekera. Kuwala kuchokere mbali imodzi. Pakhonde m'mawa, kapena m'nyumba pafupi ndi zenera limodzi, chitseko mutatseka. Tsaya lina liwale, lina likhale mumthunzi. Dzuwa la masana la paliwombo limachititsa maso kulowa m'maenje akuda, ndipo pansi pa mtengo wa mango masamba amawaza timawangamawanga pankhope. Konseko pewani.

Akhale pa mpando wotsamira, nkhope itapenya pambali pang'ono, kuti muziona maso onse awiri koma khutu limodzi. Inu khalani mamita awiri kuchoka pa iwo, maso anu alingane ndi awo. Lembani ndi khala pansi pomwe pali miyendo ya mipando yonse iwiri, kuti mawa mudzabwerere pomwepo, nthawi yomweyonso. Munthu wamkulu asakhale chikhalire kupitirira mphindi 20 asanapume.

Ndipo musawauze kuti akhale chete. Achezeni. Afunseni za kale, za mmene ankasokera fodya m'chigafa, za amene adapalana nawo ubwenzi ku chinamwali. Munthu akamakamba zimene amazikonda nkhope yake imabwerera m'malo mwake. Agogo anga akamamvetsera amapendeketsa mutu kumanzere n'kukweza nsidze imodzi, ndipo m'banja mwathu aliyense amawadziwira pamenepo. Wanunso ali ndi kake. Tsiku loyamba lithe mukungofufuza kameneko, paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mukakapeza, jambulani ndi foni zithunzi zingapo, kuti muzigwira ntchito iwo akapita kudimba. Imani patali mamita awiri omwewo n'kukokera chithunzi pafupi, chifukwa foni ikayandikira imakulitsa mphuno. Zimitsani fulashi, zimitsaninso zija zosalaza ndi kuyeretsa khungu.

Kulemba mizere

Tsukitsani chithunzi chimodzi ku situdiyo pa pepala la A4. Pa pepalalo lembani bokosi la masentimita 20 ndi 25 lozungulira mutu ndi mapewa, ligaweni m'timabokosi ta masentimita awiri ndi theka. Tikhala 8 mopingasa, 10 motsitsa. Pa bolodi lembani mopepuka mabokosi a masentimita asanu, akhalanso 8 ndi 10. Tsopano samutsani mizere bokosi ndi bokosi: pamene chibwano chadutsa, pamene duku layambira, pamene pali ngodya ya diso. Ena amati uku n'kuba. Si kuba ayi, ojambula akhala akuchita zimenezi kwa zaka mazanamazana, ndipo dzanja limaphunzira momwemo.

Pali miyeso ina yothandiza kugwira zolakwa. Maso amakhala pakati penipeni pa mutu, kuyeza kuchokera paliwombo kufika kuchibwano. Pafupifupi aliyense woyamba amawakweza m'mwamba, mutu n'kuoneka ngati wadulidwa. Mpata wa pakati pa maso awiri ndi wolingana ndi diso limodzi. Kuchokera pomwe tsitsi layambira kufika pa nsidze, pa nsidze kufika kunsi kwa mphuno, ndi kunsi kwa mphuno kufika kuchibwano, ndi zigawo zitatu zofanana. Khutu limayambira pa mzere wa nsidze n'kuthera pa mzere wa mphuno. Koma miyesoyi ndi ya munthu wongoganizira. Agogo amene mano adatha, chigawo cham'munsicho chimafupika, milomo n'kulowa mkati. Pamene nkhope yawo yasiyana ndi muyeso, tsatani nkhopeyo, chifukwa kufanana kwagona pamenepo.

Mukakhutira, dutsitsani kabulashi ka burnt umber wosungunula pa mizere ikuluikulu, fufutani mabokosi aja.

Kusakaniza khungu

Pano ndichedwapo, chifukwa ndi pamene ndidalakwitsa kwambiri. Chithunzi changa choyamba cha amayi ndidasakaniza bulauni ndi woyera basi, n'kumawonjezera woyera paliponse powala. Nditawaonetsa adakhala kaye chete, kenaka adafunsa kuti, "Mwanawe, kodi ndikudwala?" Khungu lidatuwa mbuu, ngati la munthu amene wagona chaka pamphasa osadzola mafuta. Zidandipweteka, chifukwa amayi ndi munthu wa khungu lonyezimira, ndipo ine ndidalichotsa moyo.

Penti woyera amapha mtundu. Khungu lathu likamawala siliyera, limafiira, limapita kuchikasu, kwina limatenga buluu wa kumwamba. Yang'anitsitsani chipumi cha munthu wokhala pakhonde: pamwamba pake pali kuwala kozizira konga mtambo, pa tsaya pali kufiira, pansi pa chibwano pali mtundu wa bulauzi imene wavala.

Choncho konzani milu itatu pa thireyi, yambiri ndithu, musaumire. Wa mumthunzi: burnt umber, ultramarine pang'ono, ndi kadontho ka wofiira kuti mthunzi usafe. Wapakati, umene ndi khungu lenilenilo: burnt sienna ndi burnt umber, kuwonjezera yellow ochre ngati munthuyo ndi woyererako. Wa powala: burnt sienna, yellow ochre, ndi woyera pang'ono pokha. Pakani kadontho ka mulu uliwonse pa kapepala, dikirani kaume, kenaka kayandikizeni ku tsaya lawo. Kudikirako n'kofunika, poti acrylic akauma amada pang'ono kuposa mmene amaonekera ali wamadzi.

Wakuda mupange posakaniza burnt umber ndi ultramarine mofanana. Amatuluka wakuda wokhala ndi moyo, amene mungamukokere kofunda kapena kozizira. Wakuda wa m'chubu amasiya dzenje pankhope.

Kupaka

Tengani bulashi yaikulu ija, kakang'onoko kabiseni kaye. Tsinzinani pang'ono ngati munthu woyang'ana kutali padzuwa, mpaka makwinya ndi nsidze zisowe, patsale zigamba za mdima ndi kuwala. Zigamba zimenezo ndizo mupake. Yambani ndi zamdima: mbali ya mumthunzi, maenje a maso, kunsi kwa mphuno, kunsi kwa mlomo, khosi pansi pa chibwano. Kenaka mulu wapakati, kenaka wa powala. Nthawi yomweyo pakani kumbuyo kwa munthuyo ndi duku ndi chovala, mtundu umodziumodzi wopanda maluwa, kuti bolodi lonse likutidwe tsiku lomwelo. Khungu simungaliweruze lili lokha. Kumbuyo kukhale kosalongolola: mtundu wa khoma lozira, kapena wobiriwira wozimirira. Mbali yowala ya nkhope igundane ndi kumbuyo koderako.

Pa siteji iyi chithunzi chimanyansa, ndipo odutsa adzakuuzani kuti sichikufanana. Musachitaye. Imani patali mamita atatu. Ngati mutu ukuoneka wobulungira, ndipo kupendekeka kuja kulipo, muli pa njira.

Tsiku lotsatira ndi lolumikiza. Pomwe mdima wakumana ndi kuwala, sakanizani mtundu wa pakati pa iwiriyo n'kuupaka pamalirepo. Poperani timadzi pang'ono pa bolodi kuti penti asaume msanga, kenaka sisitani ndi bulashi youma. Gwirani kachigawo kamodzi nthawi imodzi, tsaya lokha, chipumi chokha. Si malire onse ofunika kusalaza. Pa tsaya pafewe, koma m'mphepete mwa mphuno ndi pa chikope pakhale pakuthwa. Mukalakwitsa, dikirani mphindi 15 paume, pakaniponso. Ubwino wa acrylic ndi umenewu.

Maso, pakamwa ndi makwinya

Tsopano tulutsani kabulashi kaja. Choyera cha m'diso si choyera. Chili mumthunzi wa chikope, ndipo mwa okalamba chimapita kuchikasu kapena kufiira. Sakanizani woyera ndi ochre ndi kadontho ka wakuda wanu uja. Chikope cham'mwamba chimaphimba pang'ono chakuda cha diso n'kuponya kamthunzi. Okalamba ambiri ali ndi kamzere kotuwa kozungulira chakuda cha diso, ngati kalipo kaikeni. Pomaliza penipeni ikani kadontho kamodzi kowala m'diso lililonse, mbali imene kukuchokera kuwala, onse awiri mbali yofanana.

Mphuno musaizungulize ndi mzere, imatuluka yokha ndi mthunzi wa mbali imodzi ndi kuwala kwa pansonga. Pakamwa, chofunika ndi mzere wa pakati pa milomo ndi ngodya zake ziwiri. Kusuntha ngodya ndi kachidutswa kochepa ngati njere ya mapira kumasandutsa munthu wachifundo kukhala wokwiya. Mlomo wam'mwamba umada, wam'munsi umalandira kuwala. Ngati akumwetulira mano akuoneka, musawerenge dzino lililonse, pakani ngati chinthu chimodzi choyererako, ndipo gwelu ngati alipo asasowe.

Makwinya musawafufute, ndiponso musawalembe ngati mizere ya pensulo. Khwinya lililonse ndi kakhwawa: mbali ina yamdima, mbali ina yowala. Sankhani akuluakulu okha, a pachipumi, a m'mbali mwa maso, ndi awiri otsika kuchokera ku mphuno. Agogo anga ali ndi mphini m'masaya zimene adatemedwa ali mtsikana, ndipo msuweni wanga wina adandiuza kuti ndizisiye, akuti n'zachikale. Ndidaziika zonse. Atsikana a lero satemanso mphini, ndipo zidzukulutudzi zidzaziona pa bolodi pomwepa. Chimodzimodzi khungu: musaliyeretse pofuna kuwakometsa. Munthu amene walima fodya ndi mtedza moyo wake wonse pa dzuwa la ku Kasungu ali ndi khungu limene dzuwalo lidampatsa, ndipo ndi lokongola mmene lilili.

Kunyezimira kwa pachipumi, pansonga ya mphuno ndi pa fupa la tsaya kubwere komalizira: woyera, kadontho ka buluu, ndi pang'ono pa mulu wa powala uja. Malo atatu kapena anayi basi, bulashi igunde kamodzi n'kuchoka. Imvi zotulukira m'mphepete mwa duku zikokeni ndi bulashi youmirira. Maluwa a chitenje ongoyerekeza akwanira, akachuluka amalanda maso a woonera.

Kugwira zolakwa

Diso likazolowera limaleka kuona. Fulatirani chithunzicho n'kuchiyang'ana kudzera pa kagalasi, diso lokwera kapena chibwano chokhota chimaonekera pompo. Chijambuleninso ndi foni n'kuchotsa mitundu kuti chikhale chakuda ndi choyera, muyerekeze ndi chithunzi cha agogo chochotsedwanso mitundu. Mudzaona pomwe mwayeretsa mopitirira. Kenaka itanani mwana wa zaka zisanu mum'funse kuti, "Awa ndani?" Akuluakulu amakusungirani ulemu, mwana amanena zimene waona.

Madzi otsukira muziwasintha akada, ndipo bulashi isagone ndi penti ngakhale pa nthawi ya nsima. Acrylic akaumira m'bulashi, yatha. Itsukeni ndi sopo, iume chogona.

Mukafuna penti wa mafuta

Njira ndi yomweyi, chosiyana ndi nthawi. Penti wa mafuta amatenga masiku angapo kuti aume pamwamba, choncho kusalaza khungu kumaphweka kwambiri, ndipo akauma sasintha mtundu ngati acrylic. Amasungunulidwa ndi turpentine kapena white spirit, osati madzi, ndipo mafuta ake ndi a linseed. Mafuta ophikira musayese, sauma. Malamulo ake ndi awiri. Zopaka zoyamba zikhale zopyapyala, za mafuta ochepa, zapamwamba ndizo zichuluke mafuta, apo ayi chithunzi chidzang'aluka. Ndipo mafuta amakhala bwino pamwamba pa acrylic wouma, koma acrylic pamwamba pa mafuta amasupuka. Ambiri amayala zigamba zoyamba ndi acrylic n'kumalizitsa ndi mafuta.

Gwirirani ntchito pamalo popita mphepo, kutali ndi moto ndi ana. Nsanza zonyowa ndi linseed musaziunjike pamodzi, zimatha kutentha zokha mpaka kuyaka. Ziyanikeni padera kapena zivikeni m'madzi, makamaka ngati nyumba ndi yofolera ndi udzu kapena chigafa chili pafupi. Ndipo kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, fumbi ndi akamvuluvulu ndi adani a penti wosauma. Chithunzi chiume chitayang'ana kukhoma, chotsamira, osakhudza.

Kumaliza ndi kukoleka

Vanishi amateteza ku fumbi n'kudzutsa mitundu yamdima. Wa acrylic pakani patatha sabata, wa mafuta dikirani miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo. Akhale vanishi wa zithunzi, wa mipando uja amasanduka wachikasu. Akasowa, ndi bwino kungochisiya chopanda vanishi.

Kalipentala akupangireni felemu, ndipo kumbuyo kwake m'ngodya zam'munsi mukhomere tizitsekero ta mabotolo kuti mphepo izidutsa pakati pa bolodi ndi khoma. Zimathandiza kuti chisachite chuku m'dzinja, ndiponso chiswe mumachiona msanga. Musakoleke pomwe pamafika utsi wa kukhitchini, pomwe pamadontha, kapena pomwe dzuwa limawomba tsiku lililonse.

Musanakoleke, tembenuzani bolodi mulembe kumbuyo ndi pensulo: dzina lawo lonse, mfunda wawo, kaya ndi Anaphiri kaya Anabanda, mudzi, mfumu yaikulu, chaka chimene mwajambula, ndi dzina lanu. Chaka chobadwa agogo anga sachidziwa. Nditawafunsa adangoti pamene Kamuzu ankabwera mu 1958 iwo anali atayamba kale kupita kuchitsime ndi kamtsuko kawo. Ndidalemba momwemo, mawu awo omwewo, iwo atagwirizira bolodi pamiyendo.